Mpando wa a Thawale

Osewera chesi a ku Zomba sakonda kuikamba nkhaniyi bolodi ili poyera. Amayamba alongedza zonse m'thumba, n'kumanga kukamwa kwa thumbalo, ndiye wina n'kutsitsa mawu. Inunso senderani kuno, si nkhani yofuula nayo.

Panali mtsikana wina wa pa koleji, dzina lake Mwandida Likongwe, wosalankhulalankhula. Anthu ankamudziwira kakhalidwe kake pa bolodi: zigongono patebulo, zikhatho zitatseka makutu, maso pansi. Chesi ya mpikisano si ija yoseka nayo pansi pa mtengo. M'holo mumadzaza anthu koma mumakhala zii ngati pa siwa. Umakhala pampando kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, njala osaimva, m'manja muli thukuta, ukulimbana ndi munthu amene sukumukhudza n'komwe. Pambali pa bolodi pamakhala wotchi ya nkhope ziwiri. Ukayendetsa umadina batani, nthawi yako n'kuima, ya mnzako n'kuyamba kudyeka. Yako ikatha wagonja, ngakhale utakhala kuti unamugwira pakhosi.

Chaka chimenecho mpikisano waukulu unachitikira m'holo ya sukulu ina ya sekondale, mvula ili pakati. Mwandida anafika pa gemu yomaliza akusowa chinthu chimodzi basi, kupambana, kuti alowe m'timu yopita kunja. Ndipo woti akumane naye anali a Thawale.

A Thawale anali bambo wachikulire wa ku Luchenza, telala wopuma, wobwera ku mpikisano uliwonse ndi jekete imodzimodzi yabulawuni. Ankanunkha fodya wa m'mphuno. Akamaganiza ankagogoda tebulo ndi chikhadabo, go, go, go, pang'onopang'ono, mpaka mnzawoyo kumva ngati akumugogoda m'chigaza. Sankavomera zoti mwalepherana, ndipo panalibe amene anawaonapo akugoneka mfumu yawo pansi, monga amachitira wovomera kuti wagonja.

"Usawayang'ane kumaso," anatero a Chikafa, kochi wa Mwandida, m'mawa wa tsikulo. A Chikafa anali munthu wamimba, waphokoso, woyamba yekha kuseka nthabwala zake. "Madala aja amagoneka munthu ndi maso. Ndipo udye kaye, iwe. Ukakomoka pa bolodi ine sindikunyamula, msana wangawu ndi umodzi."

"Ndadya, aphunzitsi."

"Wadya chiyani? Mpweya?"

Nthawi itakwana, onse anakhala m'malo mwawo, koma mpando wa a Thawale unali wopanda munthu. Iwo ndi amene anali ndi mapisi oyera, oyenera kuyamba. Woweruza wa mpikisano, a Namalomba, anadutsa n'kudina wotchi kuti nthawi yawo iyambe kuyenda. Lamulo lake n'lakuti mnzako akapanda kufika ola lisanathe, gemu ndi yako. Mwandida ankangoyenera kukhala, manja pamwendo, n'kudikira.

Koma kudikira kumeneko n'kowawa kuposa kusewera. Mvula inkasokosera pa malata. Chitseko chikalira, mtima wake unkadumpha. Anazindikira kuti akupempherera nkhalamba kuti isafike, ndipo anachita nazo manyazi. Anadzuka, natuluka pakhonde kukamwa madzi, naimako pang'ono akuyang'ana madzi akutsika m'ngalande.

Pobwerera anapeza msilikali woyera wa patsogolo pa mfumu wasuntha. Wotchi yake ndi imene tsopano inkadyeka. Mpando uja unali utakokedwera kumbuyo pang'ono, pansi pake ponyowa, ndipo m'mphuno mwake munalowa kafungo ka fodya.

Afika, anaganiza choncho. Ayendetsa, adina, apita kuseri. Ambiri amatero. Ndipo wosewera chesi akaona nthawi yake ikupita, dzanja silidikira mutu. Anakhala pansi, nayankha, nadina wotchi, nawerama kulemba pa pepala monga lamulo limafunira. Pokweza maso, hatchi yoyera inali itatuluka.

Musamuweruze msanga. Munthu akalowa m'gemu saona manja, saona nkhope, ngakhale mitengo yosemedwayo saiona. Amaona njira zokhazokha: ichi chikabwera apa, icho chidya apo, ndiye ine ndithawira kuti. Komanso anali atauzidwa kuti asayang'ane kumaso. Choncho maso ake sanadutse m'mphepete mwa bolodi. Ankayendetsa, n'kuwerama kulemba, n'kupeza ayankha kale. Gemu inali yolimba, ya munthu wodziwa. Kenaka, kudutsa m'zikhatho zimene zinatseka makutu ake, anamva go, go, go.

Dzanja lina linatsika n'kuimitsa wotchi.

"Chemwali, mukuchita chiyani?" Anali a Namalomba, akunong'ona.

"Ndikusewera."

"Ndi yani?"

Mwandida anakweza mutu. Mpando unali mbee. Kuseri kwake kunali khoma ndi zenera lotseka.

A Namalomba anamukokera panja. Anati angolandira foni kuchokera ku Luchenza. A Thawale anamwalira m'bandakucha. Anawapeza atakhala pakhonde pawo, jekete atavala, nsapato atamanga, chikwama chili pamwendo, ngati akudikira kuti kuyere akakwere minibasi.

"Gemu ndi yanu," anatero a Namalomba. "Koma tsiku lina musamasewere ndi mapisi a eni ake podikira. Ndikanatha kukulangani nazo." Analowa n'kuwasesa onse ndi mkono, kuwabwezera m'malo mwawo. Sanayang'ane pansi pa mpando.

A Chikafa anavula kapu, napukusa mutu, nati imfa ilibe odi. Pasanapite nthawi anali akumugwedeza phewa. "Walowa, mtsikana iwe. Pasipoti ili kuti? Usandiuze kuti inadyedwa ndi mbewa."

Pa bolodi anali atasesa, koma m'mutu mwa Mwandida chilichonse chinali chiimire pamene chinali. Ndipo inali nthawi yake yoyendetsa. Akukwera chitunda chopita ku hositelo, phazi lili m'matope, yankho linangomufikira lokha: bishopu apite apo. Sanalankhule. Anangoliganiza. Kumbuyo kwa khutu lake kunamveka go, go, go, ndipo msilikali woyera anasendera kutsogolo.

Masiku otsatira anayesetsa kusaganiza. Koma uzani wosewera chesi kuti asaganize za gemu imene ili pakati, muone. Ankaiona pa denga, pa matailosi a ku bafa, pa nsalu ya mandalasi ya mayi wa pa geti. Ankalimbana nayo tsiku lonse, mano ali gwa, ndiye pena akutsuka mbale maganizo n'kuterereka, n'kupezeka wayendetsa. Yankho silinkachedwa.

M'thumba la mapisi ake munasowa hatchi yoyera. Anakhuthula zonse pabedi, osaipeza. M'mawa mwake inali pa zenera, yonyowa, itayang'ana m'kati. Mnzake wa m'chipinda anayamba kutsekula mazenera ngakhale kukuzizira.

"Mwandi, wayamba fodya wa agogo?"

"Ayi."

"Nanga kugogoda kwakoko? Munthu sungagone. Ukagona umaika dzanja pati?"

Mwandida anaonetsa manja ake. Zikhadabo anali atazidya zonse mpaka m'minofu. Mnzakeyo anaziyang'ana, nayang'ana tebulo, ndipo madzulo a tsiku lomwelo anasamutsira bulangete lake kwa anzake ena.

Ku maphunziro a timu zinthu zinafika poipa. Akakhala pa bolodi ankaona magemu awiri, imodzi pamwamba pa inzake. Ankagwira nsanja pamene palibe nsanja. Anagonja kwa anthu oti kale ankawapambana akuyasamula. Siketi inayamba kumuzungulira m'chiuno.

"Akuluakulu akufunsa," anatero a Chikafa tsiku lina onse atapita. Sankaseka. "Akuti mwina tiike wina. Ine ndawauza kuti ndi malungo. Ndi malungo?"

Mwandida anawauza zonse, maso ali pa mawondo. A Chikafa anayamba kuseka, nati chesi inapengetsapo anthu anzeru kuposa iye, wina kunja uko ankasewera ndi firiji. Chiseko chili m'kamwa, pansi pa tebulo limene anatsamira panamveka go, go, go. Anachotsa zigongono pang'onopang'ono. Anasuzumira pansi. Anadzuka, nakaima pafupi ndi chitseko.

"Chiswe," anatero. Kenaka anati, "Loweruka tipite ku Luchenza. Sindinakapepese maliro. Ukaone pamene ankakhala, mutu ukhazikike. Gemu ikayambika imafuna kutha, basi."

Mu minibasi a Chikafa anakhala kutsogolo chifukwa cha mimba. Mwandida anakhala kumbuyo, pafupi ndi zenera. Atadutsa Limbe, kondakitala anatembenuka.

"Asisi, auzeni agogowo asendere pang'ono, pakhale wina."

Pakati pa Mwandida ndi mayi wina wa mwana panali mpata wokwana munthu. Mayiyo anayang'ana mpatawo, nayang'ana kondakitala, nasamutsira mwana wake mwendo winawo. Kondakitala anaphethira, napukuta kumaso ndi malaya, osabwerezanso. Anthu ankakwera, ena kupanikizana mpaka kukhalirana, koma pampatapo sipanakhale munthu mpaka anatsika.

Anafika dzuwa litapendeka, mitambo italemera cha ku phiri. Nyumba ya a Thawale inali kuseri kwa sitolo yakale yosokeramo, yotseka. Pakhonde panali tebulo lojambulidwa bolodi ndi penti. Mbali ya kukhoma kunali mpando wamanja, wokhala ndi khushoni ya zigamba za nsalu, yolowa pakati. Mbali inayo kunali benchi.

Mwandida anaima pa sitepe. Mapisi a patebulopo, osemedwa ndi mpeni, akuda ndi manja a anthu, anaima ndendende monga anaimira m'mutu mwake.

Mkazi wa malemuyo, a Nasimango, anawalandira ndi mawu ochepa. Anali mayi wamng'ono thupi, mpango wakuda kumutu, lichero la nyemba m'manja. A Chikafa anapepesa maliro monga mwa mwambo. Mayiwo anayamika, kenaka anaona kumene Mwandida ankayang'ana.

"Ndimazilongedza m'mawa, madzulo ndimapeza zaima," anatero. "Ndinasiya. Anzawo amene ankadzaza pano saoneka. Ndiwe wa ku Zomba, mwanawe?"

"Eya, amayi."

"Khala. Pa benchipo."

Mwandida anakhala. Kwa nthawi yoyamba chichokereni m'holo muja, bolodi ya m'mutu ndi ya patsogolo pake zinali chimodzi, ndipo anamva kupepuka koopsa, konga kwa munthu amene wasiya kulimbana ndi madzi. Anayendetsa. Nkhuku inadutsa pabwalo, maso ake anaitsatira kamphindi, ndipo pobwerera ayankha kale.

Kumbuyo kwake a Chikafa anakoka mpweya. Mwandida anamva nsapato zawo zikubwerera m'mbuyo. Koma sizinapite patali. Zinaima, kenaka zinayamba kusenderanso pafupi.

"Apereka nsanja?" ananong'ona. "Yaulere?"

Mwandida anaidya. Ndipo sichinali choyamba. Masiku apitawo anali atadya hatchi, kenaka bishopu, zonse zosiyidwa poyera ngati chimanga cha pamsewu. Poyamba ankati ndi msampha, nausakasaka osaupeza. Kenaka anayamba kukondwa nazo mwakachetechete, kuti mwina nkhalamba yafooka. Tsopano, atakhala moyang'anana ndi khushoni yolowayo, anayamba kukayika. A Thawale sankapereka. Moyo wawo wonse sanaperekepo ngakhale msilikali.

Kunayamba kuda. Mphepo ya mvula inabweretsa fungo la dothi, koma la fodya linali pamwamba pake. Mfumu yoyera inathawira pakona, kumene kulibe potulukira, ngati mbuzi yodzilowetsa yokha m'khola. Mwandida anaona mapeto. Mfumukazi yake ikangotsetsereka mpaka mzere womaliza, ndi meti, mfumu yagwidwa, gemu yatha. Dzanja lake linanyamuka.

"Akupambana ndani?" anafunsa a Nasimango, osakweza maso pa nyemba.

"Mwanayu, mayi," anayankha a Chikafa, mwachimwemwe. "Kamodzi kokha basi."

"Ndiye akonzeke kusamukira uko." Mayiwo analoza mpando wamanja ndi chibwano. "Pakhonde pano lamulo ndi limodzi. Wogonja amadzuka, kupatsa malo wina. Wopambana sadzuka. Amakhala apo kudikira wotsatira." Anataya kamwala kunja. "Bambo a kunowa anakhalapo ndisanayambe imvi. Chakudya ndinkawaperekera pomwepo. Chakumapetoku ankati atopa, msana ukuwawa. Koma wowadzutsa analipo?"

Dzanja la Mwandida linaima m'malere, zala zitatsala pang'ono kukhudza mfumukazi.

Khushoni ija inali ikukwera. Pang'onopang'ono, zigamba zikuwongoka chimodzichimodzi, monga imachitira munthu akayamba kuchotsapo thupi. Manja a mpandowo analira ngati wina wawatsamira kuti aime. Kugogoda kunali kutasiya. Chimene chinali tsidya lija chinkadikira, ndipo kudikira kwake kunali kwa njala.

Tsono mumvetse. Kuyambira ali wamng'ono, zonse zimene Mwandida anaphunzira zinali za kamphindi kameneka. Maola onse aja a njala, misozi ya m'bafa atagonja, maholide osapita kumudzi, zonsezo zinali zoti dzanja likafika apa lisazengereze. Meti ikakhala pa bolodi imakoka ngati chilonda choyabwa. Mkono wake unkawawa mpaka m'phewa. Kamawu kena kankamuuza kuti ndi nthabwala za amayi okalamba, kuti ayendetse, athane nazo, akagone. Chala chake chapakati chinamva kuzizira kwa mtengo wa mfumukazi usanachikhudze.

Anagwira dzanjalo ndi linzake, nalikokera kumbali. Anatola mfumu yake yakuda, naigoneka pansi.

"Ndagonja, agogo," anatero. Mawu anatuluka ang'onoang'ono.

Kwa kanthawi sipanachitike kanthu. Kenaka khushoni inatsika, mpweya ukutuluka m'zigamba motalika, ndipo mpando unalira kamodzi. M'mutu mwa Mwandida munayera. Munalibe bolodi, munalibe njira. Anamva madontho oyamba pa malata, wailesi ya kutali, mimba yake ikulira njala. Anadzuka pa benchi.

"Wapenga?" anatero a Chikafa.

"Tiyeni tizipita, aphunzitsi."

"Meti ili apa. Apa. Mwana wa pulayimale angaione." Nkhope yawo inali itatupa. "Ine zaka zonsezi madala amenewa akhala akundikolopa, ku Zomba, ku Lilongwe, kulikonse, osawapambanako ngakhale tsiku limodzi. Iwe wawagwira pakhosi n'kuwasiya?"

"Mwamva zimene anena amayi."

"Ndamva za khonde. Ine ndikunena za chesi."

Amene anaimapo kumbuyo kwa osewera amadziwa matenda a woonerera. Gemu ya eni ake imamuyabwa kuposa yake, ndipo ikatha molakwika sangachoke asanaonetse mmene ikanathera. A Chikafa anawerama pa benchi, natola mfumu yakuda ija, naiimika.

"Aphunzitsi, musagwire."

"Ndingokuonetsa. Taona." Anatsetsereka nayo mfumukazi mpaka kumapeto, naikhazika mwamphamvu. "Meti. Chovuta chinali chiyani?"

Mfumu yoyera inapendekeka yokha. Inagwa, nigubuduka mpaka m'mphepete mwa tebulo, nigwera pa simenti. Kamphepo kanadutsa pakati pa Mwandida ndi mzati wa khonde, kotsika masitepe, ndipo nkhuku imene inabisala pamenepo inathawa ikulira. Fungo la fodya linatha ngati wina watseka chitini.

A Chikafa anaseka, koma chiseko chake chinali chachifupi. Anapukuta thukuta pamphumi. "Miyendo yanga," anatero. "Minibasi ija." Anazungulira tebulo akugwira m'mphepete, nadzigwetsa pampando wamanja. Khushoni inawalandira.

"Aphunzitsi, dzukani. Minibasi zitha."

"Ndipume kaye." Anawerama, natola mfumu yoyera pansi, naipukuta ndi malaya. Anayamba kuimika mapisi, uliwonse m'malo mwake, mosamala, oyera mbali yawo, akuda mbali ya benchi.

Mwandida anawagwira mkono n'kukoka. Unali wolemera ngati wamera pa mpandopo. Iwo sanakwiye. Anamuyang'ana mokoma, ngati munthu amene anamuonapo penapake kalekale.

"Tsogola, mtsikana iwe. Ndikupeza. Ndingodikira mmodzi."

A Nasimango anali atasiya kusankha nyemba. Anayang'ana kumsewu kumene kamphepo kaja kanalowera, nthawi yaitali. Kenaka anapukuta m'maso ndi nsonga ya mpango, natembenukira ku mpando.

"Bambo," anatero, "tiyi mumamwa wa mkaka?"

Mwandida anayenda mpaka ku siteji mvula ikumumenya, osathamanga, osacheuka. Ku timu anapita, ndipo kunjako anasewera bwino ndithu. Abale a a Chikafa anapita ku Luchenza ndi galimoto, kenaka ndi abusa. Ankawanyamula n'kupita nawo kwawo, koma kukacha ankapeza chitseko chili pululu, ndipo aliyense ankadziwa kokawapeza.

Mukadzadutsa ku Luchenza, kuseri kwa sitolo yotseka, mwina bambo wina wowonda, wovala malaya omukulira, adzakuitanani mwaulemu kuti mukhale pa benchi. Kukana n'kovuta, amapempha bwino. Mukakhala, muonetsetse kuti mwagonja. Koma muchenjere, chifukwa amene apitako posachedwapa akuti a Chikafa sakusewera bwino ngati kale.